Mawu Amayenda Bwanji Kufika M'khutu?

Phunziro lino si lowerenga ndi maso okha ayi. Likufuna manja anu ndi makutu anu omwe.

Ikani zala ziwiri pakhosi panu, kutsogoloku. Tsono nenani kuti "aaa" motalikitsa. Kodi zala zikumva chiyani? Pakhosi pakunjenjemera. Khalani chete. Kunjenjemera kuja kwatha, mawunso atha.

Yesaninso pa ng'oma. Ikani njere zingapo za mapira pachikopa, kenaka menyani pang'ono cha m'mphepete. Njere zija ziyamba kudumphadumpha, ngakhale simunazikhudze. Chikuzidumphitsa ndi chikopa, chimene chikupita m'mwamba ndi pansi mofulumira kwambiri, mwakuti maso sangathe kuona. Gwirani chikopacho ndi chikhatho. Ng'oma ileka kulira nthawi yomweyo.

Chinthu chilichonse cholira chimanjenjemera: nsambo ya kaligo, chitsulo chimene amaimba pasukulu, mapiko a udzudzu, injini ya chigayo. Popanda kunjenjemera palibe mawu.

Mpweya ndiye mtengatenga

Mwina mufunsa kuti, "Ng'oma ikulira kutsidya kwa dambo, ine ndili pakhonde panga. Nanga kunjenjemerako kwafika bwanji kuno?"

Pakati pa inu ndi ng'omayo si popanda kanthu. Pali mpweya. Chikopa chikatukuka chimakankha mpweya umene uli pafupi nacho. Mpweya umenewo umakankha unzake, unzakewo nukankha wina, mpaka kufika pa khutu lanu. Ganizani za mzere wa anthu pa msika wa feteleza. Wakumbuyo akakankha, aliyense amagunda mnzake wa kutsogolo, ndipo wa pakhomo amadzandira. Wakumbuyo uja sanachoke pamalo pake. Chayenda ndi kukankhako.

Ophunzira amati mawu amayenda m'mafunde. Ponyani mwala padziwe, muone mizere yozungulira ikufalikira mbali zonse. Tsamba loyandama pamenepo limangokwera ndi kutsika, silipita kumtunda. Mawu nawo amafalikira mbali zonse chomwecho, ndipo akamapita kutali amanka nafooka.

Mu 1660 munthu wina wa ku Ulaya, dzina lake Robert Boyle, anaika wotchi m'botolo lalikulu lagalasi. Anatseka bwino, nayamba kupopa mpweya kuuchotsa m'botolomo. Kulira kwa wotchi kunayamba kuchepa mpaka kunaleka kumveka, chonsecho wotchiyo inali kuyendabe. Atabwezeramo mpweya, inamvekanso. N'chifukwa chake anthu amene anafika pamwezi mu 1969 ankalankhulana pa wailesi, ngakhale anali ataima pafupi. Kumwezi kulibe mpweya wonyamula mawu.

Madzi, mtengo ndi chitsulo zimanyamulanso mawu, ndipo zimafulumira kuposa mpweya. Tengani nsungwi yaitali. Inu muike khutu kumapeto kuno, mnzanu akande ndi chikhadabo kumapeto uko. Mudabwa.

Mawu amachedwa panjira

Amayi, munayamba mwaona mnzanu akusinja patali, kutsidya kwa chigwa? Munsi umagwa mumtondo mwakachetechete. Akamaukweza m'mwamba, m'pamene mumamva kuti "gu!" Abambo odula mtengo paphiri ndi chimodzimodzi: nkhwangwa imayamba kuoneka, kulira kwake kumabwera pambuyo.

Chifukwa chake n'chakuti mawu amatenga nthawi poyenda. Mumpweya amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi. Ndiye kuti kilomita imodzi amaitha pa masekondi atatu. Akanakhala ndi mphamvu yofika ku Lilongwe kuchokera pa Mponela, akanayenda pafupifupi mphindi zitatu. Ndi liwiro lalikulu ndithu, palibe basi ya pamsewu wa M1 imene ingayerekeze. Koma kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, kotero kuti kumafika m'maso nthawi yomweyo.

Izi zingakuthandizeni m'dzinja. Mukaona mphezi itang'anima cha ku mapiri a Ntchisi, yambani kuwerenga pang'onopang'ono mpaka mutamva bingu. Mukafika 9, mphezi yagwa pamtunda wa makilomita atatu. Mukafika 3, yagwa pa kilomita imodzi yokha. Koma werengani muli m'nyumba. Bingu likangomveka, chokani m'munda, ndipo musabisale pansi pa mtengo.

Mawu akagunda chinthu cholimba amabwerera, monga mpira ukagunda khoma. Abusa a ng'ombe m'mapiri a Dowa amadziwa malo amene ukafuula phiri limakuyankha. Si munthu, si mzimu, ndi mawu ako omwe abwerera pathanthwe. Mleme umadya chifukwa cha nzeru imeneyi. Umalira uku ukuuluka mumdima, numvetsera mawu obwerera, ndipo umadziwa pamene pali mtengo ndi pamene pali kachilombo.

Bwanji ng'oma zimamveka patali usiku?

Aliyense wa kuno amadziwa kuti m'miyezi ya June ndi July, usiku, ng'oma za gule zimamveka kuchokera kumidzi yakutali, mpaka munthu kumatchula mudzi wake. Masana ng'oma zomwezo sizifika. Ena amati n'chifukwa choti usiku kuli zii. Zoona, koma si zokhazo.

Mawu amafulumira mumpweya wofunda, ndipo amachedwa mumpweya wozizira. Usiku nthaka imazizira, makamaka m'madambo, ndipo mpweya wapansi umazizira kuposa wam'mwamba. Tsono ganizani za ng'ombe ziwiri pagoli. Ina ikamafulumira, ina ikamachedwa, ngolo imakhotera mbali ya yochedwayo. Mawu nawonso amatero. Usiku amakhotera pansi, kumene kuli mpweya wozizira, ndipo amayenda motsata nthaka kufika m'midzi. Masana nthaka imatentha, mpweya wozizira uli m'mwamba, ndipo mawu amakhotera kumwamba kumene kulibe womva.

Mawu oonda ndi mawu onenepa

Kwaya ya kutchalitchi ili ndi oimba besi ndi oimba sopulano. M'phunziro lino mawu a besi tiwatcha onenepa, ndipo mawu onga a mwana tiwatcha oonda. Kusiyana kwake kuli pa kufulumira kwa kunjenjemera. Chonjenjemera mofulumira chimatulutsa mawu oonda. Chonjenjemera mochedwa chimatulutsa onenepa.

Pakhosi pa bambo wamkulu pamanjenjemera koposa pang'ono ka 100 pa sekondi akamalankhula. Pakhosi pa mayi, pafupifupi ka 200. Mapiko a udzudzu amakupiza pafupifupi ka 500, n'chifukwa chake kulira kwake n'koonda, kosowetsa tulo.

Oimba ng'oma anadziwa zimenezi kalekale asanaone buku. Mpanje ndi mbalule sizilira mofanana, ndipo woimba amafuna iliyonse ikhale ndi mawu ake. Ng'oma ikalefuka amaiwamba pamoto. Chikopa chimauma, chimakungika, chimanjenjemera mofulumira, ndipo mawu amaonda. Akafuna mawu onenepa amamata phula pakati pa chikopa. Phula limalemeretsa chikopa, ndipo chimanjenjemera mochedwa. Ine ndimati ameneyu ndi katswiri wa sayansi, ngakhale sadziwa kulemba dzina lake.

Khutu la mwana wabwinobwino limamva kunjenjemera koyambira ka 20 mpaka ka 20,000 pa sekondi. Kupitirira pamenepo ife sitimva kanthu, koma galu amamva, mlemenso umamva. Njovu, monga zija anazisamutsira ku nkhalango ya Nkhotakota kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017, zimaitanizana ndi mawu onenepa kwambiri amene ife sitiwamva. Munthu akamakula, mawu oonda ndiwo amayamba kumuthawa. Agogo akamati, "Ndikumva kuti ukulankhula, koma sindikumva chimene ukunena," sakunama ayi.

M'kati mwa khutu

Chimene timachitcha khutu, ichi chooneka kunjachi, ndi khomo chabe. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa mawu ndi kuwalowetsa m'kanjira. Kumapeto kwa kanjirako kuli kachikopa kopyapyala kwambiri, kokungika ngati ka ng'oma. Akuluakulu amakatcha mwinikhutu. Mafunde a mawu akafika, kachikopako kamanjenjemera.

Kuseri kwake kuli kachipinda kokhala ndi mpweya. M'menemo muli timafupa titatu tolumikizana. Ndi timafupa tating'ono kuposa mafupa onse a m'thupi. Kotsiriza n'kochepa kuposa njere ya mpunga. Timafupato timalandira kunjenjemera kwa kachikopa, timakuwonjezera mphamvu, n'kukupereka m'kati.

Kachipinda kameneka kali ndi kanjira kena kotsikira kukhosi. Kumbukirani bwino kanjira kameneka, chifukwa tidzakatchulanso. Mukakwera galimoto kutsika ku Mvera kupita ku Salima, makutu amatseka. Mukameza malovu kapena kuyasamula amatseguka kuti "phu". Ndi kanjira kameneka katseguka kuti mpweya ulowe.

M'kati mwenimweni, m'fupa la mutu, muli kanthu kopindika ngati chigoba cha nkhono, kakukula ngati nsawawa. M'menemo muli madzi, ndiponso tiubweya tosaoneka ndi maso, pafupifupi 15,000 m'khutu lililonse. Kafupa kotsiriza kaja kakagwedeza madzi, tiubweya timawerama ngati udzu wa mumtsinje. Tikawerama timatumiza uthenga kudzera mumtsempha kupita ku ubongo. Tiubweya ta pakhomo pa nkhono timamva mawu oonda, ta m'kati timamva onenepa. Ubongo ndiwo umamasulira kuti, "Uyu ndi mwana wanga akulira," kapena, "Iyi ndi njinga yamoto, patuka!"

Makutu ali awiri pa chifukwa. Mawu ochokera kumanja amayamba kufika khutu lakumanja, ndipo ubongo umadziwa kumene achokera. Munthu womva khutu limodzi amavutika kudziwa mbali imene galimoto ikubwerera.

Tsono mvetsani ichi. Tiubweya tija tikafa sitimeranso. Tsitsi mukameta limamera, chikhadabo chikathyoka chimaphuka, bala limapola. Nkhuku ndi mbalame zina, tiubweya take tikaonongeka timamera tatsopano, koma munthu sanapatsidwe mwayi umenewo. Timene munabadwa nato n'tomweto mpaka kumanda.

Phokoso la chigayo

Mphamvu ya mawu amaiyeza pa muyeso wotchedwa desibelo. Dzinali likukumbutsa za Alexander Graham Bell, mphunzitsi wa anthu osamva amene anapanga lamya mu 1876. Kunong'ona kuli pa 30. Kucheza kwa pakhonde kuli pa 60. Phokoso likafika pa 85, munthu asakhalemo kupitirira maola 8 pa tsiku. Muyeso umenewu ndi wonyenga: phokoso likakwera ndi 3 yokha, mphamvu yake yawirikiza kawiri, ndipo nthawi yokhalamo iyenera kudulidwa pakati. Pa 88 ndi maola 4. Pa 91 ndi maola 2. Pa 100 ndi mphindi 15 zokha.

Inu mulibe makina oyezera, koma muli ndi mkono. Imani ndi mnzanu motalikirana mkono umodzi. Ngati simungamvane popanda kufuula, phokoso la pamalopo lafika poononga.

Kayeseni m'chigayo. Mudzapeza kuti mumalankhula ndi manja ponena za mtengo wogayitsira. Mayi wodzagayitsa amakhalamo kanthawi, natuluka. Koma mnyamata wothira chimanga amakhalamo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, sabata yonse, chaka ndi chaka. Akaweruka amamva kulira m'makutu kuti "ziii", ndipo mawu a anthu amamveka ngati ali kutali. M'mawa amapeza kuti zatha, ndiye amati, "Ndazolowera." Sanazolowere. Tiubweya tinawerama, tina tadzuka, tina tagonera pomwepo, monga udzu wa panjira imene anthu amapondapo tsiku ndi tsiku. Kuipa kwa matendawa n'kwakuti sapweteka, ndipo satulutsa magazi. Munthu amadzazindikira patapita zaka, pamene akazi ake ayamba kudandaula kuti amakweza wailesi.

M'midzi yathu ino muli agogo amene anapita ku Joni pa Wenela, nakagwira ntchito yoboola miyala pansi pa mgodi. Ambiri a iwo anabwera ndi sutikesi ndi bulangete, koma makutu anawasiya komweko.

Mwini chigayo ayenera kugulira antchito ake zotseka m'makutu. Zilipo za mphira zolowetsa m'khutu, ziliponso zophimba khutu lonse, ndipo zimapezeka m'masitolo ogulitsa zipangizo zomangira. Mtengo wake sufika ngakhale pa mtengo wa lamba wa injini. Thonje louma silithandiza kwenikweni. Ogwira ntchito azisinthana, wina azipuma panja. Ocheka matabwa ndi owotcherera zitsulo pa Mponela amve nawo zimenezi. Ndipo amayi, ndapota nanu, musalowe m'chigayo ndi khanda kumbuyo. Lisiyeni ndi mnzanu pamthunzi, patali ndi khomo.

Masiku ano kwabwera phokoso lina logula ndi ndalama zathu. Paukwati ndi pachinkhoswe ana amakavina pakamwa penipeni pa masipika. Achinyamata amatseka makutu ndi timawaya ta foni tsiku lonse. Ngati inu muli pambali mukumva nyimbo imene ili m'khutu mwa mwana wanu, ndiye kuti wakweza mopitirira.

Khutu la mwana

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa ana 10 osamva bwino, 6 vuto lawo likanapewedwa.

Kumbukirani kanjira kochokera kukhosi kaja. Kwa mwana n'kakafupi, ndipo akadwala chimfine tizilombo timakwera mosavuta kulowa m'kachipinda ka timafupa. M'menemo mumachita mafinya. Mwana amatentha thupi, amalira usiku, amakoka khutu. Mafinya akachuluka amaboola kachikopa n'kutuluka kunja. Pamenepo ululu umachepa, ndipo makolo amati wachira. Sanachire, ng'oma yabooka. Akalandira mankhwala msanga, kachikopa kamatha kupola. Koma mafinya akamatuluka miyezi ndi miyezi, chiboo chimakula ndipo timafupa timadyeka.

Anthu ena amati kutuluka mafinya m'khutu ndi chibadwa cha ana, kudzatha kokha. Ayi. Pitani naye kuchipatala cha Mponela, cha Mtengowanthenga, cha Madisi, kapena chilichonse chimene chili pafupi. Kuseri kwa khutu kukatupa, musadikire kuti kuche. Musathiremo mafuta ophikira, madzi a masamba kapena mkaka wa m'mawere. Pomusambitsa, madzi asalowe m'khutu lodwalalo.

Phula la m'khutu si litsiro. Limagwira fumbi ndi tizilombo, ndipo limatuluka lokha. Nthenga ya nkhuku ndi kamtengo ka machesi zimangolikankhira m'kati, ndipo dzanja likaphonya zimaboola mwinikhutu. Pukutani kunja kokha ndi kansalu. Mwana akalowetsa njere ya chimanga kapena nyemba, musaitokose, achipatala ali ndi zochotsera. Ndipo khofi la pakhutu si chilango. Chikhatho chimapanikiza mpweya m'kanjira, ndipo kachikopa kangathe kuphulika nthawi imodzi.

Matenda ena amapha tiubweya ta m'nkhono muja: chikuku, matsagwidi, matenda oumitsa khosi, ndi malungo aakulu. Katemera wa ku sikelo ndi neti yogonamo zimatetezanso makutu. Mankhwala ena nawo amakhudza makutu. Amene munamwapo kwinini mukukumbukira kulira kwa m'makutu kuja, kumene kawirikawiri kumatha mankhwala akatha. Jakisoni wa streptomycin ndi wa kanamycin, amene kale ankabaya odwala chifuwa chachikulu, anasiya ena osamva mpaka lero. Mukamva kulira m'makutu muli pa mankhwala, musasiye mwa inu nokha. Kauzeni adokotala msanga.

Aphunzitsi amadziwa mwana uja wokhala kumbuyo m'kalasi, amene amangoyang'ana pakamwa pa mphunzitsi, ndipo akaitanidwa sayankha. Kunyumba amamutcha wamwano, kusukulu amamutcha mbuli, ndipo amabwereza Sitandade 1 kawiri, katatu, mpaka kusiya. Nthawi zambiri mutu wake uli bwinobwino. Musanatenge mkwapulo, imani kumbuyo kwake, munong'one dzina lake, muone ngati acheuka.

Khanda nalonso mungaliyese. La miyezi yochepa limadzidzimuka chitseko chikamenyetseka. La miyezi 6 limatembenukira kumene kuli mawu a mayi ake. Mwana akakwanitsa zaka ziwiri asanatchule liwu ndi limodzi lomwe, kamuyezetseni makutu. Mwana amaphunzira kulankhula pomva ena, ndipo zaka zoyambazi zikapita n'zovuta kuzibweza. Achipatala angakutumizeni ku Kamuzu Central Hospital, kapena ku chipatala cha makutu cha ABC ku Area 47 mu Lilongwe, kumene amayeza ndi makina ndi kupereka timakina tovala m'khutu tokweza mawu.

Mwana amene samva konse asabisidwe m'nyumba. Kuli sukulu za ana otere ku Mua m'boma la Dedza, ku Maryview m'boma la Chiradzulu, ku Mountain View m'boma la Thyolo, ndi ku Embangweni m'boma la Mzimba. Kumeneko amaphunzira kuwerenga, kulemba ndi kulankhula ndi manja. Polankhula ndi munthu wosamva bwino, imani poyera patsogolo pake kuti aone milomo yanu. Lankhulani momveka, osathamanga, osafuula. Ndipo muitaneni ndi dzina lake, dzina lija loti "gonthi" eniake salikonda.

Zochita pa gulu

1. Tengani zitini ziwiri. Boolani pansi pake, mulowetse ulusi wotalika mapazi 20, mumange mfundo m'kati. Kokani ulusi ukungike. Wina alankhule m'chitini, wina amvetsere. Tsono wachitatu agwire ulusi pakati. Chachitika n'chiyani? Chifukwa chiyani?

2. Mphezi yang'anima, ndipo mwawerenga mpaka 12 musanamve bingu. Lembani m'kope mwanu makilomita ake.

3. Lembani kalata yaifupi kwa mwini chigayo wa kwanu yopempha zotseka m'makutu za antchito ake. Muiwerenge pamaso pa anzanu tsiku lokumananso.